Ng'ombe yosafuna nkhunzi: yambani mwaona zimene ikudya

Bambo wina wa ku Ngabu wandilembera pa imelo kuti ng'ombe yake inaswa mu Juni, koma mpaka mu Novembala muno sinaonetse kufuna nkhunzi, ndipo akufunsa ngati agule jakisoni wa mahomoni.

Funso lanuli landikhudza, bambo, chifukwa kwathu ng'ombe zinkaswa kamodzi pa zaka ziwiri, ndipo malemu atate anga ankaimba mlandu nkhunzi ya m'mudzi. Mu Okutobala tinkazikusa kupita ku madambo a Shire, n'kubwerako dzuwa litapendeka, mimba zitakhuta udzu wouma koma nthiti zikuwerengeka, linunda litafota, thole likukakamirabe bere lopanda kanthu. Nkhunziyo inalibe cholakwa chilichonse.

Udzu umene ng'ombe imadya umagayidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'chifu chachikulu, ndipo timatulutsa maasidi amene ndiwo mphamvu ya nyamayo. Umodzi mwa iwo, wotchedwa propionate, chiwindi chimausandutsa shuga wa m'magazi. Udzu wa m'chilimwe ukauma, mapuloteni ake amatsika mpaka kuchepera magawo 7 pa 100, tizilomboto timafooka, ndipo ng'ombe imakhala yokhuta koma yanjala. Mkaka umatenga shuga wochepa wotsalayo, insulin (homoni yoyang'anira shuga wa m'magazi) imatsika, mafuta a m'thupi amasungunuka, ndipo ubongo umachepetsa GnRH ndi LH, mahomoni amene amakhwimitsa dzira. Kuyamwa kwa thole usana ndi usiku kumapondereza LH koposa. Thupi limasankha kusunga thole lamoyo m'malo moyamba bere lina.

N'chifukwa chake ndikunena mosabisa kuti munthu wokugulitsani jakisoni asanafunse zimene ng'ombe ikudya akungofuna ndalama zanu. Jakisoni wa mahomoni wotchedwa prostaglandin amagwira ntchito pa ng'ombe imene ikutulutsa kale mazira, ndipo pa ya bere amatha kutayitsa berelo. Kutentha kwa kuno ku chigwa, kumene kumapitirira madigiri 40, kumachepetsanso kudya ndi kubzikula, ndipo ng'ombe zathu za Zebu zimaonetsa kufuna nkhunzi kwa maola ochepa, kawirikawiri usiku zili m'khola, mwini wake ali mtulo.

Zoti muchite

Itanani mlangizi wa ziweto aone kaye ngati ilibe bere kapena matenda a m'chiberekero. Madzulo alionse muziipatsa madeya osakaniza ndi mchere pang'ono, nyemba za msangu kapena masamba a nandolo pamodzi ndi mapesi a mapira, ndipo muyambe pang'onopang'ono kuti tizilombo ta m'chifu tizolowere. Thole muzililola kuyamwa m'mawa ndi madzulo okha. Nthiti zikayamba kubisika, muziiyang'ana m'bandakucha ndi madzulo, pokumbukira kuti kufuna nkhunzi kumabwerera pakapita masiku pafupifupi 21.