Kodi ndingayambire pati kudziyezera ndekha zofululira mowa?

FUNSO: Akonzi, ndimakhala ku Johannesburg ndipo ndakhala ndikufulula mowa wachizungu kunyumba pogwiritsa ntchito zinthu zogula m'paketi zoyezayeza kale. Tsopano ndikufuna kumadziyezera ndekha zonse, mwinanso kuthirako chimera cha mapira monga ankachitira agogo pofulula masese. Kodi ndiyambire pati?

YANKHO: Bambo, yambani ndi chimera cha mtundu umodzi, hops (maluwa amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo) wa mtundu umodzi ndi yisiti mmodzi, chifukwa mukasakaniza zinthu zambiri pa ulendo woyamba, simudzadziwa chimene chakometsa mowawo kapena chimene chauwononga.

Sankhani kaye ukali umene mukufuna. Pa malita 20, makilogalamu 4.5 a chimera choyera cha barele amapereka madzi otsekemera amene pa haidiromita (chida choyezera kuchuluka kwa shuga m'madzimo) amasonyeza pafupifupi 1.050, ndipo nambalayo ikatsika kufika pa 1.010 yisiti atamaliza ntchito yake, mowawo umakhala wa maperesenti asanu ndi pang'ono. Viikani chimera chogayacho m'madzi otentha kwa ola limodzi. Apa m'pamene pamafunika diso lakuthwa, pakuti pa madigiri 65 mowa umatuluka wopepuka, pamene pa madigiri 68 umatuluka wolemerera m'kamwa ndiponso wotsekemera pang'ono, ngakhale chimera chili chomwecho.

Hops amene mwathira poyamba kuwiritsa madzi otsekemera aja, n'kuwira kwa mphindi 60, ndi amene amabweretsa kuwawa, ndipo wothira m'mphindi zisanu zomaliza amangopereka fungo. Werengani papaketi nambala ya alpha acid, imene imasonyeza mphamvu ya kuwawa kwa hops, chifukwa hops wa mtundu wa Magnum amawawa kuposa wa Saaz pafupifupi katatu. Dziwaninso kuti mzinda wa Johannesburg uli pamalo okwera mamita oposa 1,700, choncho madzi amawira pa madigiri 94 m'malo mwa 100, ndipo hops satulutsa kuwawa kwake konse. Muyeso wa m'buku lolembedwera anthu okhala m'mbali mwa nyanja ungakupatseni mowa wosawawa monga mmene mumayembekezera. Mukathira yisiti, sungani chigubu pamalo a madigiri 18 mpaka 20.

Za mapirazo, ine ndingati mudikire ulendo wachiwiri, ndipo asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a chimera chonse, popeza chimera cha mapira chilibe mphamvu zokwanira zosandutsira ufa kukhala shuga ngati cha barele. Mukaumitsa chimeracho, chifikiseni n'kupeta timizu ndi timphukira tonse, chifukwa mu mphukira za mapira mumakhala poizoni. Musayembekezere kukoma kwa masese, pakuti kuwawasa kwake kumachokera ku tizilombo tina tosasitsa phala, timene pa mowa wanuwu mukuyenera kutipewa potsuka bwino ziwiya zonse.

Lembani m'kope kulemera kwa chilichonse, kutentha, nthawi ndi nambala za haidiromita, ndipo pofulula ulendo wotsatira musinthe chinthu chimodzi chokha.