Pale ale wa malita 5 watuluka wamadzimadzi: kodi vuto ndi poto?

Sabata yatha ndinalandira imelo iyi kuchokera kwa mmodzi mwa owerenga, yonena za pale ale, mtundu wa mowa wa balere wosada kwambiri, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndinafulula pale ale wanga woyamba, wa malita 5 okha, kuchokera ku chimera chenicheni cha balere. Ndinaviika makilogalamu 1.2 a chimera m'thumba la nsalu, m'poto wakukhitchini. Hydrometer imayenera kusonyeza 1.050 koma inaima pa 1.036. Mowawo utapsa unali wamadzimadzi, ukununkhira ngati nthochi yopsetsa, ndipo umawotcha pakhosi. Kodi mowa wabwino ungatheke pa malita ochepa chonchi, kapena ndigule zipangizo za malita 20?"

Achimwene, zipangizo zazikuluzo musagule kaye. Poto wanuyo alibe mlandu. Mowa wochepa umangofuna kuti muziuyeza mosamala kuposa wambiri, chifukwa madzi ochepa sachedwa kuzizira, sachedwanso kutentha, ndipo cholakwika cha magalamu awiri a hops, maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo, chimamveka kanayi m'malita 5 poyerekeza ndi m'malita 20. Mukakhala ndi choyezera kutentha chodalirika, sikelo yowerenga mpaka 0.1 ya galamu, ndi ndodo yolemba mizere ya malita, mavuto onse atatu mwatchulawa atha.

Tiyambe ndi 1.036 uja. Hydrometer ndi chipangizo choyezera kuchuluka kwa shuga m'madzi a chimera, ndipo manambala akumapeto a muyeso wake ndiwo timawatcha mapointi: 1.036 ndi mapointi 36. Kilogalamu imodzi ya chimera cha pale, chimera choyererako chomwe ndi maziko a mowawu, ili ndi shuga wokwana mapointi pafupifupi 300 pa lita imodzi, ndipo wofulula kunyumba amatulutsapo kawirikawiri magawo 70 pa 100. Ndiye makilogalamu 1.2 anu anayenera kupereka mapointi ngati 250. Mukawagawa m'malita 5 mupeza 50, ndiye 1.050 mumayembekezerayo. Koma mukawagawa m'malita 7 mupeza 36. Nambala yanu yomweyo! N'chifukwa chake ndikukayikira kwambiri kuti madzi anachuluka, shuga n'kusungunukira m'madzi ambiri. Poto aliyense amataya nthunzi mosiyana, wotakata kukamwa amataya yambiri. Tsiku lina lomwe simukufulula, thirani malita 7 a madzi wamba m'potoyo, muwawiritse theka la ola osavundikira, muyeze otsalawo, ndipo zomwe zatayikazo muziwirikize kawiri. Nambala imeneyo ilembeni penapake, idzakutumikirani pa mowa uliwonse.

Muonenso ngati munayeza madzi a chimerawo akadali otentha. Hydrometer zambiri zimawerenga molondola pa madigiri 20, ndipo madzi a 1.050 mukawayeza ali pa madigiri 60 amaoneka ngati 1.035. Koma poti mowa wanu unamvekadi wopepuka m'kamwa, ndikukhulupirira kuti shuga anaperewera ndithu.

China ndi kaperedwe. Chimera chogula chopera kale nthawi zambiri chimakhala chokhakhala, chifukwa amachiperera anthu amene amasefa kudzera m'makoko a chimera chomwecho. Inu muli ndi thumba, ndiye thumbalo ndilo sefa yanu. Pemphani kuti achipere kawiri, kapena muchipere nokha mpaka pasapezeke njere yathunthu. Ndipo mukatukula thumba, lifinyeni bwino. Ena amaopa kuti kufinya kumabweretsa kukhakhala pa lilime, koma ine ndimafinya nthawi zonse ndipo mowa umatuluka wosalala.

Tsopano pa kutentha, pomwe mowa wochepa umagwera kawirikawiri. M'chimera muli ma enzyme awiri amene amasandutsa sitachi kukhala shuga. Beta-amylase amakonda madigiri 60 mpaka 65, ndipo amadula shuga wamng'ono amene yisiti imadya yense. Alpha-amylase amalimba mpaka cha m'ma 70, ndipo amasiyako shuga wa mizere italiitali amene yisiti imalephera kumudya, shuga amene amapatsa mowa thupi. Pa madigiri 66 onse awiri amagwira ntchito limodzi, n'chifukwa chake ofulula pale ale ambiri amaima pamenepo. Koma poto wa malita ochepa mukangomusiya pa chitofu chozima, ola lisanathe akhoza kutsika kufika pa 60 kapena pansi pake. Zikatero mowa umatuluka wouma ndi wopyapyala, komanso sitachi ina imatsala osasungunuka. Njira imene ine ndimaidalira ndi uvuni: ndimautenthetsa pang'ono kufika cha m'ma 70, ndimauzimitsa, n'kulowetsamo poto wovundikira. Ola likatha ndimapeza watsika digiri imodzi kapena awiri basi. Ngati poto sakulowa mu uvuni, muchotseni pamoto, mumukulunge ndi bulangete lochindikala. Pothira chimera, takasani mpaka pasatsale zibuluma, chifukwa m'kati mwa chibuluma mumakhala mouma ndipo shuga wake amatayika ndi makoko. Mukafuna kutsimikiza, donthezani madzi a chimera pa mbale yoyera, muikepo dontho la ayodini. Likada bii, sitachi ikadalipo, dikirani mphindi 15 zina. Zapambalezo mutaye.

Fungo la nthochi ndi kuwotcha pakhosi sizinachokere m'poto, zinachokera kwa yisiti imene inagwira ntchito motentha. Yisiti ya ale ikapitirira madigiri 22 kapena 23 imayamba kutulutsa fungo lambiri la zipatso ndi mitundu ina ya mowa waukali yomwe imakanda pakhosi. Kumbukiraninso kuti mowa ukamawira umadzitenthetsa wokha, motero m'chigubu mumatentha kuposa m'chipinda. Apa ndiye pamene malita 5 amakukomerani, chifukwa chigubu chaching'ono chimakhala bwinobwino m'beseni la madzi. Ikanimo mabotolo awiri a madzi oundana, muziwasintha m'mawa ndi madzulo, mowa ukhale pa madigiri 18 mpaka 20. Masiku atatu oyambirira ndiwo ofunika kwambiri. Ndipo musathire yisiti madzi a chimera asanazizire kufika pa 20, ngakhale kutada mutatopa. Vundikirani, dikirani.

Ulendo wotsatira yesani chonchi. Tengani makilogalamu 1.2 a chimera cha pale ndi magalamu 100 a chimera cha crystal, chimene chimabweretsa mtundu wofiirira ndi kutsekemera pang'ono. Madzi akhale malita 7.5 m'poto wosachepera malita 10, ngati poto wanu amataya pafupifupi malita 1.2 pa ola. Atenthetseni kufika pa 69, mukathira chimera atsikira pa 66. Ola likatha tukulani thumba, finyani, wiritsani kwa mphindi 60 osavundikira, kuti fungo losafunika longa la chimanga chophika lituluke ndi nthunzi. Hops ndikanasankha mtundu wotchedwa Cascade: magalamu 8 madzi akangoyamba kubwadamuka, ena 8 kutatsala mphindi 10, ndi 10 mukazimitsa moto. Kuwawa kwake kufika cha pa 30 IBU, muyeso wa kuwawa kwa mowa, ngati alpha acid, chinthu chowawitsa cha mu hops, ali pafupi ndi 6 pa 100, choncho werengani pa paketi. M'poto mutsale malita 5.5, ndipo 5 alowe m'chigubu, nsenga zitsale pansi. Paketi ya yisiti youma ya US-05 imakhala ndi magalamu 11.5, okwanira malita 20, ndiye inu magalamu 3 akukwanirani.

Ndimaikonda Cascade pa mowa wophunzirira chifukwa fungo lake la maluwa ndi zipatso za mtundu wa malalanje silisowa, mumadziwa msanga ngati lasungika kapena latayika. Inatulutsidwa ku Oregon mu 1972, ndipo mowa wa Sierra Nevada Pale Ale, umene Ken Grossman ndi mnzake anayamba kufulula ku Chico, California, mu 1980, ndiwo unaitchukitsa. Pale ale wakale wa ku England, makamaka wa ku Burton upon Trent, ankadziwika ndi madzi a gypsum (mchere wa m'miyala) wambiri, amene amachititsa kuti kuwawa kwa hops kumveke kouma ndi koyera. Ngati madzi anu ndi ofewa, galamu imodzi ya gypsum m'malita 7.5 aja ithandiza. Ngati ndi apampopi okhala ndi kulorini, phwanyani kachidutswa ka piritsi la Campden, lochotsa kulorini, muthiremo musanayambe, poti piritsi limodzi limakwanira malita oposa 70. Mukapanda kutero mowa umamveka ngati mankhwala a pabala.

Pakatha milungu iwiri yezani ndi hydrometer, mubwerezenso patatha masiku awiri. Nambala ikakhala yosasintha, cha pa 1.010 mpaka 1.012, mowa wapsa ndipo mphamvu yake ili pafupi ndi 5 pa 100. Musathire m'mabotolo nambala ikadatsika, chifukwa botolo likhoza kuphulika n'kukuvulazani. Sungunulani shuga wamba m'madzi pang'ono owiritsa, magalamu 6 pa lita iliyonse ya mowa, kuti mowa udzakhale ndi thovu m'botolo, musakanize modekha popanda kukhavula, poti mpweya ukalowa panopa fungo la hops limafa m'masabata ochepa. Mabotolo akhale abulauni chifukwa kuwala kumawononga hops, ndipo chilichonse chokhudza mowa utazizira chikhale chotsukidwa ndi mankhwala opha tizilombo. Asiyeni pamalo ofunda pang'ono kwa milungu iwiri, kenako limodzi mulowetse m'firiji usiku wonse musanalitsegule.

Mukafululanso mundilembere, ndipo munditumizire manambala anayi: kutentha kwa poto mutangothira chimera, kutentha kwake ola litatha, malita otsala mutazimitsa moto, ndi zomwe hydrometer yawerenga pa madigiri 20. Tikawaona amenewo tidziwa pokonza.