Yankho: kawerengedwe ka madzi a dripu kwa mwana ndi wamkulu

Achemwali, mwafunsa kuti mwana wa 14 kg amene sakutha kumwa apatsidwe madzi angati pa ola, komanso ngati kawerengedwe kake nkofanana ndi ka wamkulu.

Kwa mwana timatsata njira ya Holliday ndi Segar ya 1957, ija timangoti 4-2-1. Makilogalamu 10 oyamba, 4 ml pa kilogalamu pa ola. 10 otsatira, 2 ml. Otsalawo, 1 ml. Wanuyo ndiye 40 kuphatikiza 8, yonse 48 ml pa ola. Mukakhala ndi burette (kabotolo koyezera madzi a dripu) ya madontho 60 pa ml, ntchito yaphweka: madontho 48 pa mphindi. Ikakhala seti ya madontho 20, gawani ndi 3, mupeza 16. Madzi ake akhale Ringer's lactate kapena normal saline wokhala ndi dextrose (shuga) 5%, osati dextrose yekha, chifukwa akakhala yekha amatsitsa mchere wa sodium m'magazi mpaka mwana kukomoka. Makanda ongobadwa kumene ali ndi kawerengedwe kawo.

Wamkulu ine ndimamuwerengera 25 mpaka 30 ml pa kilogalamu pa tsiku. Wa 60 kg ndi 1,500 mpaka 1,800 ml. Ndi 4-2-1 mungamupatse 2,400 ml, zomwe kwa agogo a vuto la mtima kapena impso zachuluka.

Koma kuno kuchigwa, ndi kutentha kwa Okutobala ku Nsanje ndi Chikwawa, ambiri amafika atatha kale madzi m'thupi. Awa muyambe mwabwezeretsa otayikawo. Wa kolera wofookeratu ndi Plan C, ndondomeko yobwezeretsa madzi kwa amene watheratu madzi m'thupi: madzi onse pamodzi 100 ml pa kilogalamu. Koma mwana wonyentchera musamuthamangire ndi dripu pokhapokha ali mu shock (magazi sakuyenda mokwanira m'thupi), chifukwa mtima wake suchedwa kulemedwa.