Ndisiye maganyu a mafiliji ndikalowe kampani yaikulu ya ma aircon?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina wokhala ku Germiston, kufupi ndi Johannesburg. Dzina ndalisunga. Mwachidule akuti anaphunzira zokonza mafiliji ndi ma aircon pa koleji ina ya ntchito zamanja kumudzi, kenako anatsikira ku Joni, komwe wakhala akudyera maganyu: kuthira gasi m'mafiliji a m'ma spaza shop (timagolosale ta m'makomboni) ndi kupachika ma aircon m'nyumba za anthu. Tsopano mnzake wa kutchalitchi wamutsina khutu kuti kampani ina yaikulu, yoika ndi kusamalira makina oziziritsa ndi otenthetsa m'ma mall ndi m'maofesi, ikufuna anthu. Vuto n'lakuti malipiro a pamwezi ndi ochepa poyerekeza ndi zimene amatola mwezi wotentha ukamuyendera bwino. Akufunsa kuti, "Kodi ndipite, kapena ndikangokhala kapolo wa anthu pachabe?"

Achimwene, pitani. Koma musakasaine chilichonse musanafunse mafunso angapo amene nditchule m'munsimu, paja safunsa anadya phula.

Chifukwa chimene ndikunenera kuti mupite si ndalama ayi. Mwezi wa December munthu wa maganyu wochangamuka akhoza kupambana mmisiri wolembedwa ntchito, zimenezo sindikutsutsa. Nkhani ndi makina amene mudzawagwire. Pa ganyu mumaona filiji, deep freezer, ndi aircon ya chipinda chimodzi, lero ndi mawa zomwezo. Mukalowa m'chipinda cha makina pansi pa mall kapena padenga la chipatala mudzapeza chiller, chimakina chotalika ngati minibasi. Icho sichiziziritsa mphepo, chimaziziritsa madzi kufika madigiri 6 kapena 7, mapampu n'kumakankha madziwo m'mapaipi kupita nsanjika iliyonse, komwe mafani amaombetsa mphepo pa mapaipi ozizirawo. Kutentha konse kochokera m'nyumbamo kumakatayidwa padenga, mwina kudzera mu cooling tower, chithanki chimene mafani amaziziritsiramo madzi ofunda ochokera ku makinawo. M'mahotela ndi m'maofesi mudzakumana ndi VRV, imene kampani ya Daikin ya ku Osaka inatulutsa mu 1982: makina amodzi panja akudyetsa zipinda zambirimbiri, chilichonse ndi kuzizira kwake. M'masupamaketi atsopano mudzapeza makompresa (makina opopa gasi) ondondozana oyendera gasi wa CO2, amene mphamvu yake m'paipi imaposa kutali ya gasi wa R22 amene munazolowera. Palibe mwini nyumba amene angalole munthu wa ganyu, ngakhale waluso chotani, kukhudza makina otere. Amafuna kampani yokhala ndi inshuwalansi ndi mapepala, ndipo khomo lolowera kumeneko ndi lomwe mnzanuyo wakuonetsani.

Dziwaninso kuti makasitomala akuluakulu salipira chifukwa choti abwana akutuluka thukuta. Ngakhale makina oyamba enieni, amene Willis Carrier anakonza mu 1902, anali a kampani yosindikiza ku Brooklyn, komwe chinyezi chinkafufumitsa mapepala mpaka mitundu ya inki osagwirizana. Mpaka lero ndalama zenizeni zili komweko: zipinda za makompyuta akuluakulu a mabanki, zipinda zochitira opaleshoni, mosungira mankhwala, nyama ndi mkaka. Zimenezi sizidziwa kuti kunja kwazizira. N'chifukwa chake kampani yaikulu imakhala ndi ntchito chaka chonse, pamene inu mu June ndi July, chisanu cha ku Joni chikafika povuta, foni imangokhala duu, lendi ikudikira. M'miyezi imeneyo a pakampani amakhala ali pa ma heat pump. Musaope dzinalo, ndi makina omwewo amene mukuwadziwa, kungoti muli valavu yotembenuza kayendedwe ka gasi kuti kutentha kulowe m'nyumba m'malo motuluka.

Chachiwiri chimene mukapezeko ndi mwambo wa ntchito, ndipo apa ndiyankhula mosapsatira. Ambirife pa maganyu timathira gasi osafufuza pamene akutulukira, chifukwa kasitomala akufuna filiji izizire lero lomwe, ndipo akadzaitananso pakatha miyezi itatu ndi ndalama inanso. Ku kampani yolongosoka zimenezo n'zochotsetsa ntchito. Gasi wakale amamukokera mu silinda yake, satayira m'mwamba. Powotcherera paipi ya kopa amadutsitsa nitrogen pang'onopang'ono m'kati mwake. Tsiku lina mudzadule paipi imene inawotchereredwa popanda nitrogen muone m'kati: mudzapeza timakoko takuda tonyenyeka ngati mwaye. Timeneto timayenda ndi mafuta n'kukatseka fyuluta kapena valavu, ndipo kompresa imafa patapita miyezi, wowotchererayo atalandira kale ndalama zake. Akatha kuwotcherera amapopera nitrogen n'kusiya kuti aone ngati geji itsike. Kenako vacuum pump imakoka mpweya ndi chinyezi m'paipimo mpaka muyezo ufike ma micron 500 kapena kutsikirapo, ndipo amayeza ndi geji yake, osati kumvetsera kulira kwa pampu. Amatero chifukwa mafuta a m'makompresa oyendera gasi wa R410A amamwa chinyezi msanga, chinyezicho chimabala asidi, asidiyo amadya mawaya a mota. Pomaliza gasi amamuthira pa sikelo, magalamu ake enieni olembedwa pa makinawo. Poyamba mudzaona ngati akutaya nthawi. Mukadzakhala pa standby (kudikirira kuitanidwa makina akafa nthawi ina iliyonse) n'kuona kuti ntchito zogwiridwa chonchi sizikudzutsani usiku, mudzamvetsa nokha.

Ndipo magasiwo akusintha, zimene zikupangitsa kuti maphunziro akhale ofunika kuposa kale. Pangano la ku Montreal la 1987 ndi limene likuthetsa R22, ndipo maiko osauka anapatsidwa mpaka 2030. Mu 2016 ku Kigali maiko anagwirizananso zochepetsa magasi a gulu la R410A ndi R134a chifukwa amatenthetsa dziko. Olowa m'malo mwake, R32 ndi R290, amayaka moto. R32 amayaka pang'ono, koma R290 ndi propane weniweni. Munthu wozolowera kuyatsa tochi pa paipi osayamba wachotsa gasi yense akhoza kupsa nkhope. Makampani akuluakulu amatumiza anthu awo kukaphunzira kwa opanga makinawo, a Daikin, a Carrier, a Trane, a Samsung, a LG, ndipo maphunziro amenewa munthu payekha sawapeza wamba.

Tsopano mafunso aja. Loyamba: akukulembani ndani? Dzina lolembedwa pa ovolosi si nthawi zonse limene limalembedwa pa payslip. Makampani ambiri akuluakulu amapereka ntchito yoika makina kwa timakampani ting'onoting'ono, kapena amatenga anthu kudzera kwa labour broker, kampani yobwereketsa antchito. Mukhoza kugwira chaka chathunthu pa nyumba yotchuka, kontirakiti itatha n'kuuzidwa kuti simunali wantchito wawo. Lamulo la ku South Africa limati munthu wolandira malipiro ochepa akagwira kupitirira miyezi itatu kudzera kwa broker, amaonedwa ngati wantchito wa kampani imene akuigwirirayo, koma kuti zimenezo zitheke nthawi zambiri mpaka mukafike ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya antchito ndi mabwana. Ndi bwino kudziwiratu. Funsani ngati akudula UIF, inshuwalansi ya boma yothandiza munthu ntchito ikatha, imene ndi 1 peresenti ya malipiro anu, abwana n'kuikaponso 1 peresenti. Funsani za ovataimu. Maola a pasabata ndi 45, opitirira apo amalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo Lamulungu kawiri ngati si tsiku lanu logwira ntchito. Funsaninso ngati sabata ya standby ili ndi ndalama yake, chifukwa cold room ya nyama ikaima 2 koloko usiku, foni imalira ndi yanu.

Lachiwiri, ndipo kwa ine ndi lalikulu kuposa onse: akuikani gawo liti, ndipo muziyenda ndi ndani m'bakkie (pikapu ya kampani)? Kampani yaikulu imagawa anthu. Pali oika makina atsopano, amene tsiku lonse amakhala akunyamula, kuboola zipupa ndi kukoka mapaipi m'siling'i. Pali osamalira makina pa kontirakiti, otsuka mafyuluta, kutsegula mapaipi a madzi otsekeka, kumanga malamba a mafani ndi kulemba manambala. Ndiye pali oitanidwa makina akafa. Luso lofufuza vuto lili kwa achitatuwa. Ndaonapo anthu abwinobwino atakalambira pa mafyuluta, ovolosi yoyera, malipiro osaphonya, koma chiller ikalira alamu amaimbira wina. Ndiye kapolo amene mukumuopa m'kalata mwanu alikodi, ndi ameneyo. Ngati akuyambitsani kotsuka, palibe cholakwika, makina mumawadziwira pomwepo, koma funsani kuti munthu amatenga nthawi yaitali bwanji kuti asamukire kwina. Mukapatsidwa mmisiri wamkulu amene amalola kuti mugwire mita ndi geji, osati kungomunyamulira makwerero, mugwiritsitseni, ngakhale akhale wolusa.

Lachitatu ndi la mapepala. Ndikudziwa mmene zinthu zimakhalira ku Joni, koma musalowe kampani yaikulu ndi chiphaso cha munthu wina. Kupatula kuti ndi mlandu, zaka zonse zimene mudzagwire zidzalembedwa pa dzina la mwini chiphasoyo. Mukadzagwa padenga, chipukuta misozi chidzavuta. Mukadzafuna trade test, mayeso a umisiri, umboni wa ntchito udzakhala wa wina. Satifiketi yanu ya kumudzi ipititseni ku SAQA, bungwe lounika mapepala a maphunziro ku South Africa, akaiunike. Funsani kampaniyo ngati ingakuthandizeni kupeza khadi la SAQCC Gas, lololeza munthu kugwira magasi amenewa mwalamulo, komanso ngati ingakulembereni umboni wa njira ya ARPL, imene anthu odziwa kale ntchito amadzera kuti akalembe trade test. Akakulipirirani maphunziro, ambiri amasainitsa kuti mukachoka msanga mubweze ndalamazo. Zimenezo si zachilendo, ingowerengani bwino kuti ndi zaka zingati ndi ndalama zingati. 

Ufulu wokha ndiye mukautaya, musadzinamize. Bakkie ili ndi tracker, ntchito iliyonse ili ndi job card ndi zithunzi, ndipo wina ali mu ofesi amene sanagwirepo sipanala adzakufunsani chifukwa chake mwatha maola atatu pa ntchito ya maola awiri. Makasitomala anu akale adzapitiriza kuimba. Ngati kontirakiti ikulola, athandizeni Loweruka ndi zida zanu. Silinda ya gasi ya kampani musaigwire, amaiyeza pa sikelo potuluka ndi pobwera. Malamulo a chitetezo atsatireni ngakhale anzanu akuseka: lamba padenga, loko wanu pa switchi musanalowetse dzanja pa fani, capacitor (kachipangizo kosunga magetsi) muichotse mphamvu musanaikhudze, ndipo oxygen asalowe m'paipi poyeza kutayikira chifukwa akakumana ndi mafuta amaphulika. Potsuka cooling tower valani chotseka pamphuno. Madzi ofundawo amasunga tizilombo ta Legionella, timene tinadziwika titapha anthu pa msonkhano wina mu hotela ku Philadelphia mu 1976.

Pokakuyesani ntchito ku kampaniko, kuwotcherera ndi kupinda paipi sikudzakuvutani. Anyamata ambiri ochokera ku maganyu amagwa pa magetsi. Adzakuikirani wiring diagram patebulo n'kufunsa kuti kompresa ya three phase ikukana kudzuka, muyambira pati. Masiku atsalawa tsegulani chivundikiro cha aircon iliyonse imene mukukonza, jambulani chithunzi cha mawaya chomatidwa m'katimo, madzulo muzichilondola ndi chala kuchokera pa thermostat, kudutsa pa ma pressure switch ndi overload, mpaka pa contactor. Mubwerezenso superheat (mmene gasi watenthera kupitirira pamene amawirira) ndi subcooling (mmene wazizirira kupitirira pamene amasandukira madzi) mpaka muzitha kufotokoza ndi pakamwa mmene mumaziyezera.