Buku la mwana womvetsera nthano panja pa chitseko

Mayi wina wandilembera imelo kuti amuna awo sawazunza ndipo pakhomo sipasowa kanthu, koma mumtima mwawo muli zii. Akuti makolo awo ankalipira fizi ndi kugula zovala, koma sanawafunsepo kuti, "Mwana wanga, watani lero?" Akufunsa ngati pali buku la nkhani yopeka limene lingawathandize kumvetsa zimene zikuwachitikira.

Mayi, pezani Stay With Me la Ayobami Adebayo wa ku Nigeria, limene linatuluka mu 2017. Nkhani yake ikuchitikira m'tauni ya Ilesa, ndipo ndi ya Yejide ndi mwamuna wake Akin, amene atakhala zaka 4 opanda mphatso, achibale anawabweretsera mkazi wachiwiri, Funmi. Ambiri amaliwerenga ngati buku la kusabereka ndi mitala, koma ine chimandigwira mtima ndi ubwana wa Yejide. Amayi ake anamwalira pomubereka, ndipo iye anakulira pakati pa akazi ena a bambo ake amene sankamuwerengera, moti usiku ankakhala panja pa zitseko zawo kumvetsera nthano zimene ankasimbira ana awo. Njala imeneyo analowa nayo m'banja, akuyembekezera kuti mwamuna ndi mwana adzatseka dzenje limene iwo sanakumbe.

Mbali yowawa kwambiri, ndipo pepani kuti ndikuululirani pang'ono, ndi ya Rotimi, mwana wachitatu, amene dzina lake m'Chiyoruba limatanthauza kuti "khala nane". Ataika m'manda ana awiri, Yejide anayamba kudzitalikitsa kwa mwanayu poopa kuti akamukonda adzamulira ngati enawo. Apa m'pamene ndinaona kuti kholo louma mtima nthawi zambiri limakhala la mantha, ngakhale kuti mantha amenewo safafaniza chilonda cha mwana.

Sindikulonjezani kuti buku lidzakuchizani, ndipo ankhoswe nawo savuta kunena kuti palibe mlandu poti palibe amene wamenyedwa. Koma banja la Yejide ndi Akin linagwa chifukwa cha zinsinsi zimene ankabisirana, ndiye mukamaliza kuwerenga, apatseni amuna anu nawonso awerenge, kenaka muwauze za nyumba imene munakuliramo. Pakamwa pakalema, yambani ndi phungu wa za maganizo kapena mayi wamkulu amene amadziwa kusunga chinsinsi.