Akuti ali ndi makasitomala 500, ndiwapatse dipoziti?

Alangizi, ndili ndi shopu ya hadiweya ku Mchesi, mu Lilongwe. Katundu akumasowa, ndipo ndalama za m'kabati sizigwirizana ndi zomwe tagulitsa. Pakauntala pamakhala mlamu wanga ndi mwana wa achemwali. Ndapeza pa intaneti kampani yoti indipangire pulogalamu ya pakompyuta yowerengera sitoko. Pa webusaiti yawo alemba kuti ali ndi makasitomala oposa 500, agwira ntchito zaka 10, ali ndi satifiketi ya ISO (yosonyeza kuti amatsatira miyezo ya padziko lonse), ndipo amathandiza usana ndi usiku. Mtengo ndi K3,500,000, akufuna 70 peresenti asanayambe, ntchito itenga miyezi itatu. Ndikuganiza zokongola ku banki m'khonde ya akazi anga pa 20 peresenti pamwezi. Ndingadziwe bwanji kuti zomwe alembazo n'zoona?
Bambo wa hadiweya, Mchesi

Bambo, kalata ngati yanuyi ndaiwerenga kambirimbiri, chimasintha ndi dzina la msika ndi mtengo basi. Sindikunena kuti anthuwo ndi akuba, mwina ndi anyamata odziwadi ntchito. Koma webusaiti ndi chikwangwani chomwe mwini wake wadzilembera yekha, palibe amene anamuimirira kumbuyo polemba. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ung'ambeni kaye mkuyuwo.

Yambani ndi 500 ameneyo. Makasitomala 500 pa zaka 10 ndi 50 pachaka, pafupifupi mmodzi sabata iliyonse. Ngati ntchito iliyonse imatenga miyezi itatu monga akuuzirani, ndiye kuti nthawi zonse amakhala ndi ntchito 12 kapena 13 m'manja. Afunseni kuti alipo angati mu ofesimo. Akati anayi, dziwani kuti mwina nambalayo ndi yokokomeza, kapena amagulitsa pulogalamu imodzimodzi n'kumangosintha dzina la shopu pamwamba. Yopangiratu si yoipa, nthawi zambiri ndiyo yabwino chifukwa ena anaiyesa kale. Koma musailipire mtengo wa suti yosoketsa pomwe ndi yapashelefu.

Mwa 500 amenewo, pemphani manambala a foni a atatu okha, ndipo akhale a mashopu ngati yanu, osati zizindikiro za mabanki zomwe amata pansi pa tsamba. Pitani nokha Loweruka m'mawa, nthawi ya chipwirikiti. Musafunse bwana, funsani mtsikana wa pa thilu: magetsi a ESCOM akathima imatani? Netiweki ikavuta mumagulitsa? Itawonongeka komaliza anabwera patapita masiku angati? Kampani ikayamba zoti makasitomala athu ndi achinsinsi, kwanu kwatha, bwererani.

Zinazo ndi za mphindi zochepa pafoni. Lembani adiresi ya webusaitiyo pa WHOIS, tsamba lofufuzira mbiri ya mawebusaiti, kawirikawiri imaonetsa tsiku lomwe inalembetsedwa, ndipo pa archive.org mutha kuona momwe tsambalo linkaonekera zaka zapitazo. Kampani ikhoza kukhala yakale webusaiti ili yatsopano, koma akufotokozereni. Zithunzi za antchito omwetulira aja ziikeni pa Google Lens, chida chofufuzira zithunzi pa intaneti, muone ngati sizikupezekanso pa masamba a ku India kapena ku Poland. Pa za ISO, dziwani kuti bungwe la ISO silipereka satifiketi kwa aliyense, amapereka ndi mabungwe ena oyendera makampani. Ndiye funsani kuti ndi ISO 9001 (ya kayendetsedwe kabwino ka ntchito) kapena 27001 (ya chitetezo cha zolemba), anapereka ndani, nambala yake ndi iti. Onaninso satifiketi yolembetsera kampani ndi TPIN (nambala ya msonkho) ya ku MRA, ndipo ndalama ipite ku akaunti ya dzina la kampani, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu. Za usana ndi usikuzo, imbani Lamulungu 9 koloko usiku, mumva nokha.

Koma Bambo, chomwe chandidetsa nkhawa m'kalata yanu si webusaiti ayi. Ndi ngongoleyo. 70 peresenti ya K3,500,000 ndi K2,450,000. Pa 20 peresenti, chiwongoladzanja chokha ndi K490,000 mwezi uliwonse. Miyezi itatu mukudikira pulogalamu, mwataya kale K1,470,000, chinthucho chisanakulembereni ndi risiti limodzi lomwe. Mtengo weniweni wafika pafupifupi K5 miliyoni, komanso ntchito zoterezi kawirikawiri zimapitirira tsiku lomwe analonjeza. Tingoyerekeza kuti pa thumba la simenti mumapindula K2,000. Ndiye kuti matumba 245 mwezi uliwonse mukunyamulira chiwongoladzanja. Ndalama ya banki m'khonde ndi yogulira katundu woti atuluke sabata ino n'kubweza, si yogulira chinthu chodzayamba kugwira ntchito mwezi wachinayi. Ndipo mukalephera, amene akachite manyazi pamaso pa amayi anzake ndi akazi anu, mbale ndi mipando yomwe akalande ndi ya m'nyumba mwanu. Chonde musawaike pamoto wotero.

Funso lomwe ndikanakonda mukanandifunsa ndi ili: katunduyo akutuluka bwanji? Kompyuta imasunga chomwe munthu wailembera. Mlamu akapereka malata asanu kwa mnzake wa kutchalitchi kuti adzalipira kumapeto kwa mwezi, osalemba, kompyuta idzati malatawo alipo. Mwana wa achemwali akatapa K10,000 ya thiransipoti, inunso mukatenga ya ndiwo osalemba poti shopu ndi yanu, pulogalamu ya K3,500,000 idzakuuzani bodza lomwelo lomwe kabati ikukuuzani lero, kungoti mwaukhondo. Ndaona mashopu ambiri akugwa chonchi, popanda wakuba wothyola chitseko, abale okhaokha otenga mwachikondi.

Gulani kope lachikuto cholimba mawa. Sankhani katundu 20 yemwe amayenda kwambiri: simenti, malata, penti, misomali, mapaipi. Muwerenge nokha Lolemba m'mawa ndi Loweruka madzulo. Chilichonse chotuluka chilembedwe ndi dzina la wotulutsa, kuyambira inuyo, pakuti mlamu sangalembe ngati mwini shopu salemba. Abalewo apatseni malipiro odziwika pamwezi kuti asamadzilipire okha. Mukapirira masiku 30 mudzadziwa kuti mukutaya zingati. Zikakhala K80,000 pamwezi, pulogalamu ya mamiliyoniyo idzatenga zaka zoposa zitatu kuti ibweze mtengo wake, ndipo Excel (pulogalamu wamba yowerengetsera pakompyuta) kapena pulogalamu yopangiratu yolipira pang'ono pamwezi ikukwanirani.

Mukaona kuti ikufunikabe, igulidwe ndi phindu la shopu, ndipo mulipire m'magawo: 20 kapena 30 peresenti poyamba, gawo lina mukaiona ikugwira ntchito ndi katundu wanu weniweni, lomaliza itatha mwezi pakauntala. Zilembedwe pa mgwirizano wosainirana. Mulembenso kuti zolemba zonse za malonda ndi zanu ndipo mutha kuzitulutsa pa Excel tsiku lililonse, kuti ndalama yapachaka ndi zingati komanso ndi ya makwacha kapena madola, ndiponso ngati munalembetsa VAT, kuti malisiti ake ndi ovomerezeka ku MRA.

Mwezi ukatha mundilemberenso, mundiuze matumba a simenti omwe kope likuti alipo ndi omwe mwawerenga ndi manja anu m'sitolo.