Batire latsopano lafa pa milungu isanu: ndigule sitata ina?

Bambo wina wa kabaza amene amayenda pakati pa Lizulu ndi Tsangano watilembera imelo. Akuti njinga yawo ya Lifo akadina batani m'mawa imangoti "tha", sitata osazungulira, koma akaponda kiki imalira bwinobwino. Anagula batire latsopano, linagwira ntchito milungu isanu, kenako vuto lija labwereranso. Makaniko wawauza kuti agule sitata ina, ndiye akufunsa ngati ayenera kutero.

Bambo, ndalamazo muyambe mwazisunga. Sitata yowonongeka sikanachira milungu isanu chifukwa cha batire latsopano. Zikuonetsa kuti sitata ili bwino ikapeza moto wokwanira, koma batire likutha osabwezeredwa. Kulira kwa kiki kusakunamizeni: pa njinga zambiri za 125cc ndi 150cc, moto wa pulagi umachokera ku koyilo ya mu injini osadutsa ku batire, choncho njinga imatha kuyenda tsiku lonse batire lili lakufa.

Bwerekani malitimita, mita yoyezera moto wa magetsi, muyiike pa DC 20V. M'mawa, musanalize injini, gunditsani waya wofiira pa + ndi wakuda pa − ya batire. Lodzadza limaonetsa 12.6 mpaka 12.8. Likaonetsa 12.2 ndiye kuti latsala theka, ndipo pansi pa 12.0 latheratu. Mawaya a mita ali pomwepo, wina adine batani la sitata inu mukuyang'ana. Nambala ikagwa pansi pa 9.6, batire lilibe mphamvu yozunguza injini. Ikangokhala cha pa 12 osasuntha, sitata ili zii, moto sukufika ku sitata, vuto lili panjira.

Panjirapo yambani ndi mitu ya batire. Misewu ya fumbi ya ku Tsangano, njinga itasenza matumba a mbatata ya kachewere, imamasula timabawuti timeneti pang'onopang'ono. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira pamitupo, masulani waya wa − poyamba, mutsuke ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, mupale ndi sandipepa mpaka pawale, mumange zolimba ndi kupaka girisi pang'ono pamwamba. Tsatirani waya wonenepa wa ethi mpaka pomwe wamangidwa ku chitsulo cha njinga kapena ku injini, chifukwa dzimbiri la pamenepo limapusitsa amakaniko ambiri. Hutala ndi nyali zimafuna moto wochepa, ndiye zimagwira ntchito ngakhale waya uli wolendewera, koma sitata imakana. Onaninso fyuzi, swichi yozimitsira injini ndi kaswichi ka pa klatchi ngati njinga yanu ili nako.

Kamvekedwe ka "tha" kaja kamachokera ku lileyi ya sitata, kachitsulo kozungulira ka mabawuti awiri pafupi ndi batire. Ikani njinga pa nyutulo, pa sitandi yapakati, mulumikize mabawuti awiriwo ndi sikuludilaiva kwa kamphindi. Pathetheka moto, choncho pasakhale petulo wodontha pafupi. Sitata ikazungulira mwamphamvu, lileyi ndi yomwe yapsa mkati, ndipo ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi sitata. Sitata ikakhala chete kapena ikazungulira mwaulesi batire lili lodzadza, apo ndi pomwe mungaikayikire. Ngakhale zitatero, kawirikawiri amakhala mabulashi a mkati omwe atha. Amagulitsidwa paokha, ndipo amecha, chitsulo chozungulira cha mkati mwa sitata chomwe mabulashiwo amakhudza, amangoipukuta ndi sandipepa yosalala. Sitata ikamalira kuti "fwiii" injini osazungulira, ndi klatchi ya sitata ya kuseri kwa magineto yomwe ikuterereka.

Koma kwa inu, bambo, muyeso wofunika kwambiri ndi uwu. Tchajani batire lidzadze kaye, chifukwa batire lakufa limasokoneza manambala. Lizani injini, mita ili pa batire, mukweze mafuta mpaka cha pakati. Muyenera kuona pakati pa 13.5 ndi 14.5. Yatsani nyali yakutsogolo, nambala isagwe pansi pa 13. Ikamangokhala pa 12 ndi kanthu ngakhale mukweze mafuta bwanji, njinga sikutchaja, ndipo batire lachitatu lidzafanso chimodzimodzi. Ikapitirira 15, rekitifaya, kabokosi kowongolera moto wopita ku batire, ikulowetsa moto wochuluka: batire limatentha, madzi amauma msanga, limafufuma m'mbali, limanunkha ngati dzira lovunda, ndipo mababu amapsa pafupipafupi.

Ngati sikutchaja, musathamangire kugula rekitifaya. Zulani soketi yake muyang'ane mkati. Pulasitiki yosungunuka kapena timano takuda ndi tokwanira kuletsa moto. Kenako zulani soketi ya mawaya otuluka mu injini kumanzere, musinthe mita ipite pa AC 200V. Pa njinga zina mumayeza pakati pa mawaya awiri achikasu, pa zina wachikasu ndi wapinki, pa zina woyera ndi chitsulo cha injini. Manambala amasiyana malinga ndi njinga, koma muyenera kuona moto ukukwera ndithu mukamakweza mafuta, kuchoka cha m'ma 20 kufika pa 40 kapena kuposa. Ukakwera choncho, koyilo yotchaja batire ili bwino, sinthani rekitifaya ndipo mutenge yakaleyo pokagula kuti mufananize mawaya ndi soketi, chifukwa zina zimaoneka zofanana kunja koma mkati zinalumikizidwa mosiyana. Moto ukakhala wochepa osakwera, koyilo yapsa. Mukatsegula mudzaona mawaya ake akuda ngati makala.

Chizolowezi chozula waya wa batire injini ikulira, poti muone ngati ikutchaja, chisiyeni. Chimatha kuwotcha rekitifaya yomwe inali bwinobwino.

Njinga ikhoza kumatchaja bwino koma batire n'kumathabe. Njinga zambiri za kabaza zili ndi wailesi, sipika, potchajira foni, alamu ndi nyali zowonjezera, ndipo zina zimalumikizidwa ku batire mwachindunji osadutsa pa kiyi. Zimadya moto usiku wonse. Zimitsani kiyi, masulani waya wa −, muike mita pa DC 200mA pakati pa waya ndi mutu wa batire, ndipo musadine sitata mita ili choncho. Ikaonetsa kuposa 2 kapena 3, zulani zowonjezerazo chimodzichimodzi mpaka nambala itsike. Batire la njinga ndi laling'ono, 5Ah mpaka 7Ah basi, ndipo likathera pansi kangapo silibwereranso mwakale. Vutoli limakulanso ndi maulendo afupiafupi a pa siteji, kuliza ndi kuzimitsa kambirimbiri, komanso chisanu cha Juni ndi Julayi cha kumapiri a Dedza ndi Ntcheu chomwe chimafooketsa batire n'kulimbitsa oyilo. M'miyezi imeneyi lizani ndi kiki ulendo woyamba wa m'mawa. Mukadina batani musapitirire masekondi 5, mupumitse masekondi 10 musanadinenso.

Batire lanu la milungu isanulo mwina lingapulumuke. Ngati ndi la zivundikiro, thirani madzi a batire ogula m'botolo mpaka mzere wa pamwamba, osati madzi a pamjigo ndipo osati asidi. Ngati ndi lomata, lopanda zivundikiro, musalitsegule. Litchajidwe pang'onopang'ono, 0.5 mpaka 0.7A kwa maola 8 mpaka 10. Tchaja yaikulu ya mabatire a galimoto imaliphika. Likatha, lisiyeni usiku wonse losalumikiza, muyeze m'mawa. Likasunga 12.6 ndipo osagwa pansi pa 9.6 podina sitata, libwezereni panjinga mukatha kukonza tchaji.